Khoma la Lagos Latchinga Mafunde, Nanga Mafundewo Alowera kwa Yani?

Kumwera kwa Victoria Island, mumzinda wa Lagos ku Nigeria, kuli mtunda umene zaka 20 zapitazo kunalibe. Panali nyanja ya Atlantic basi. Zombo zokumba zinayamwa mchenga pansi pa nyanja n'kumauthira kugombe mpaka madzi anabwerera m'mbuyo, ndipo pamchengapo lero pali misewu ya tala, ngalande, nyali za mumsewu ndi nyumba zosanja zonyezimira magalasi. Malowo amatchedwa Eko Atlantic. Eni ake, kampani ya South Energyx Nigeria Limited ya m'gulu la makampani la Chagoury, amati ntchito ikadzatha padzakhala mtunda wa masikweya kilomita 10, anthu 250,000 ogona komweko, ndi ena 150,000 obwera m'mawa kudzagwira ntchito n'kubwerera kwawo madzulo. Nyumba yoyamba yogonamo anthu, imodzi mwa Eko Pearl Towers, inatsegulidwa mu 2016.

Otsatsa malonda a nyumba zoterezi amalonjeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: moyo wapamwamba ndi kusamalira chilengedwe. Loyambalo sindikulitsutsa, ndalama zimagula zimenezo. Lachiwirilo ndi limene ndikufuna tiliunike, chifukwa ine ndikuona kuti nyumba ya m'mphepete mwa nyanja sitingaiweruze poyang'ana makoma ake okha. Gombe ndi chinthu chimodzi chachitali, mchenga wake umayenda, ndipo zimene wachita pano zimakaonekera makilomita angapo kutsogoloko. Amene akuwerengera magetsi opulumutsidwa ndi mababu a m'nyumba, osawerengera zimene zachitikira gombe, wasiya theka lalikulu la nkhani panja.

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo omanga mzindawu, chifukwa vuto limene anabwera kudzathetsa linalipodi. Pakati pa 1908 ndi 1912 atsamunda a ku Britain anamanga makoma a miyala olowa m'nyanja pakhomo la doko la Lagos, kuti mchenga usamatseke njira ya sitima. Pagombe limenelo mafunde amakankha mchenga kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Makomawo atangoima, mchenga unayamba kuunjikana kumadzulo kwake, pamene kum'mawa, ku Bar Beach, nyanja inkangochotsa osabwezera. Kwa zaka pafupifupi 100 gombelo linadyeka mtunda wopitirira kilomita imodzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 madzi ankasefukira mumsewu wa Ahmadu Bello Way, kutsogolo kwa maofesi ndi nyumba zodula kwambiri m'dzikolo. Boma linkathira mchenga, nyanja n'kudzautenga, n'kuthiranso. Ndalama zinkapita m'madzi, ndipo apa sindikuphiphiritsa.

Ndiye pamene bwanamkubwa wa Lagos wa nthawiyo, Bola Tinubu, yemwe pano ndi pulezidenti wa Nigeria, anagwirizana ndi gulu la Chagoury kuti limange chitetezo chokhalitsa ndi ndalama zake n'kudzabweza ndalamazo pogulitsa malo, ambiri anaona ngati nzeru. Khoma limene linatuluka m'mgwirizanowo, lomwe amalitcha Great Wall of Lagos, si ntchito yamasewera. Mapulani ake ndi a makilomita 8.5, ndipo kunja kwake anayala zibuma za konkire zolemera matani 5 chimodzi, zoumbidwa mokhotakhota kuti zizikolana ndi kuswa mphamvu ya funde. Akatswiri a kampani ya ku Netherlands ya Royal Haskoning ndiwo anajambula, ndipo kachitsanzo kake kanakayesedwa m'thanki ya mafunde ku Denmark. Mu February 2013 pulezidenti wa Nigeria wa nthawiyo Goodluck Jonathan, bwanamkubwa wa Lagos wa nthawiyo Babatunde Fashola ndi pulezidenti wakale wa America Bill Clinton anaima pamchenga watsopanowo n'kuyamikira ntchitoyo. Victoria Island lero sakumizidwanso ndi mafunde a kumwera monga kale. Zimenezi n'zoona ndipo wozikana akunama.

Koma madzi saiwala khwawa. Tonse timamudziwa neba amene amati mvula ikamuvuta amakumba ngalande yabwino kwambiri pabwalo pake, n'kuilozetsa pakhomo panu. Pabwalo pake pamauma ndithu, ndipo mukamufunsa amakuonetsani luso la ngalandeyo. Nkhani ya Lagos ili pomwepo. Chimene chinadwalitsa Bar Beach chinali khoma lotseka njira ya mchenga, ndipo mankhwala ake akhala khoma lina lalikulu kuposa loyamba. Mafunde akamenya konkire sapeza mchenga wonyamula, ndiye amakautenga pamene khoma lathera. Anthu a m'midzi ya kum'mawa kwa Eko Atlantic, monga Okun Alfa kumene kuli Alpha Beach, akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti nyanja yawalanda misewu, nyumba ndi mitengo ya kokonati, ndipo amaloza chala ntchito imeneyi. Kampaniyo imakana, imati gombe lonselo linkadyeka kale. Inde linkadyeka. Koma boma la Lagos lenilenilo linadzayamba kumanga timakoma ta miyala tolowa m'nyanja kumbali ya Lekki, dera la kum'mawa komweko, kuti tigwire mchenga, ndipo ndalama zake zinachokera m'thumba la boma. Mzinda umene ankati sudzadya msonkho wa munthu uli ndi anansi amene akutetezedwa ndi msonkho.

Mu August 2012 mafunde aakulu anakwera usiku ku Kuramo Beach, pafupi ndi pamene ankathira mchenga, ndipo anthu 16 anakokoloka. Anali anthu a m'tizisakasa ta pagombe, ogulitsa ndi asodzi. Anthu amatsutsanabe ngati ntchito ya Eko Atlantic inawonjezera mphamvu ya mafundewo. Chimene sichitsutsika n'chakuti boma litafika linagwetsa tizisakasa totsalato n'kuthamangitsa anthuwo.

Tsopano tilowe m'nyumba zenizenizo, chifukwa ngakhale tikanati nkhani ya gombe tiiike pambali, kamangidwe kake kali ndi mafunso ake. Lagos ili pafupi ndi mzere wapakati pa dziko, kumatentha ndipo mpweya ndi wachinyezi chaka chonse. Nyumba yovala magalasi kuyambira pansi mpaka pamwamba imalowetsa dzuwa n'kutsekera kutentha m'kati. Kenako pamafunika makina oziziritsa ogwira ntchito usana ndi usiku, ndipo makinawo samangoziziritsa, amayeneranso kuchotsa chinyezi, ntchito imene imadya magetsi ambiri. Magalasi amakono okhala ndi utoto wobweza kutentha amathandiza ndithu, koma akuchepetsa vuto limene wojambula mapulani walipanga yekha. Chifukwa chake amasankha magalasi n'chodziwika: wogula akulipirira kuona nyanja ali pabedi. Mtengo wa nyumba umakwera ndi kukula kwa windo ndi kutalika kwa nsanjika.

Chondipweteka n'chakuti Nigeria ili kale ndi yankho lake, ndipo si lachilendo. M'zaka za m'ma 1950 amisiri a ku Britain, Maxwell Fry ndi Jane Drew, anajambula nyumba za yunivesite ya Ibadan ndi makoma obowolabowola otchinga dzuwa koma olowetsa mphepo, makonde akuya, ndi nyumba zopyapyala kuti mpweya uzilowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Demas Nwoko, mmisiri wa ku Nigeria komweko amene analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2023 chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, anamanga nyumba za ansembe a Katolika a chipani cha Dominican ku Ibadan zolowetsa mphepo zokha, ndi zipangizo zopezeka pafupi. Pagombe la Lagos mphepo ya kunyanja imaomba kwaulere. Nyumba yaitali yokhala ndi makonde otambalala, yobisa mbali zake za kum'mawa ndi kumadzulo kumene dzuwa limalowa mopendekera, yokhala ndi mawindo otseguka mbali ziwiri, ingathe kukhala yapamwamba n'kudya magetsi ochepa kwambiri. Koma chithunzi chimene ogula ali nacho m'mutu ndi cha Dubai, ndipo wogulitsa amapereka chimene wogula akufuna.

Kuti n'zotheka taziona ku Hamburg, ku Germany, ngakhale nyengo ya kumeneko ndi ina. Marco Polo Tower, imene inajambulidwa ndi a Behnisch Architekten n'kumalizidwa mu 2010 m'mphepete mwa mtsinje wa Elbe, ndi nyumba ya anthu olemera ndithu. Koma nsanjika iliyonse anaipotoza pang'ono ndipo khonde lake limatulukira kunja, kotero kuti limachita mthunzi pa magalasi a nsanjika ya pansi pake. Chokongoletsa nyumbayo ndi chomwecho chimene chikuitchinjiriza ku dzuwa. Ine ndimati luso la wojambula mapulani limaonekera pamenepa, pamene mawonekedwe a nyumba akugwira ntchito, osati pamene wamanga ng'anjo ya magalasi n'kuika mapanelo a sola angapo padenga kuti awonekere pa chithunzi. Denga la nyumba ya nsanjika 30 ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi zipinda zimene zili pansi pake. Sola ya padengapo ingayatse nyali za m'makonde, mwinanso kutenthetsa madzi, koma singakoke zikepe, mapampu okweza madzi ndi makina oziziritsa a nyumba yonse.

Palinso mpweya woipa umene umatuluka nyumba isanalowemo munthu. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 7 kapena 8 pa 100 aliwonse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Nyumba ikamatalika, zipilala zake za pansi zimanenepa ndipo pamafunika zitsulo zambiri zolimbana ndi mphepo. Ikakhala pamchenga wothira, maziko ake ayenera kukhomedwa pansi kwambiri mpaka atapeza nthaka yolimba. Ikakhala pafupi ndi madzi amchere, konkire yake iyenera kukhala yothina ndi yochindikala kuti mchere usafike pa zitsulo. Onjezanipo konkire ya khoma lija, ndi mafuta amene zombo zinatentha poyamwa mchenga wokwana makyubiki mita pafupifupi 90 miliyoni. Ngongole yonseyi imakhala italowa kale m'mlengalenga tsiku lodula riboni, ndipo mababu osadya magetsi adzatenga zaka zambirimbiri kuti aibweze, ngati adzaibweze n'komwe.

Masatifiketi a nyumba zosamalira chilengedwe, monga LEED, BREEAM ndi EDGE, ali ndi ntchito yake, ndipo sindikuwanyoza. Amakakamiza omanga kuganizira mipope yosataya madzi ndi makina abwino. Vuto lake n'lakuti kawirikawiri amayerekeza nyumba ndi nyumba inzake yofanana nayo, ndipo muyeso wake ndi sikweya mita, osati munthu. Tiyerekeze nyumba ya masikweya mita 400 yokhalamo anthu awiri, amene miyezi ina amakhala ku London koma makina oziziritsa amasiyidwa akulira kuti mipando ndi zovala zisachite nkhungu. Pa sikweya mita ingapambane mphoto. Pa munthu mmodzi, ikudya magetsi amene mabanja ambirimbiri a ku Mushin kapena Ajegunle, madera a anthu osauka a Lagos, sadzawaona. Ndipo nyumba zambiri zoterezi, ku Lagos ngati ku London ndi ku Dubai, zimagulidwa ngati posungira chuma, makamaka kumene ndalama ya dziko ikugwa mphamvu. Nyumba yopanda anthu singakhale yosamalira chilengedwe ngakhale itamangidwa mwaluso lotani, chifukwa simenti yonse ija yatenthedwa popanda amene wapeza pogona.

Pali yankho limodzi la omanga limene ndimaliona kuti ndi lamphamvu. Amati: anthu olemera adzakhala penapake basi. Mukawakaniza nyumba zosanja, adzamanga zinyumba za mipanda m'madambo a Lekki, kudula mitengo ya m'madzi, kutseka njira za madzi amvula, n'kumayenda maola awiri pagalimoto tsiku lililonse. Kuunjika anthu m'mwamba pamalo ochepa, pafupi ndi ntchito, kuli bwino kuposa kuwamwaza. Ndikuvomereza. Mzinda wothithikana umasunga malo ndipo umachepetsa maulendo. Koma mfundoyi imagwira ntchito ngati m'nyumbamo mulidi anthu ambiri ndipo ogwira ntchito akukhala pafupi. Mapulani a Eko Atlantic omwewo akunena za anthu 150,000 obwera m'mawa n'kubwerera madzulo. Ambiri mwa iwo ndi alonda, ophika, oyeretsa, oyendetsa galimoto ndi makalaliki, amene adzadzuka usiku kuti awoloke milatho yodzaza ya Lagos. Utsi wa mabasi awo sulembedwa pa satifiketi ya nyumba iliyonse.

Hamburg ikutiphunzitsanso pano, ndipo phunziro lake ndi la ulamuliro kuposa la kamangidwe. Dera la HafenCity, la mahekitala 157, linali doko lakale ndipo lili kunja kwa makoma otchinga madzi a mzindawo. M'malo molizinga ndi khoma latsopano, anakweza misewu ndi nyumba pa zitunda zotalika mamita 7.5 kapena kuposerapo pamwamba pa nyanja, pansi pake n'kuikamo moimika magalimoto. Njira zoyendamo anthu m'mphepete mwa madzi anazisiya m'munsi, ndipo madzi akakwera kwambiri zimamira kwa maola angapo, kenako n'kuuma. Madzi amapatsidwa malo ake. Chachikulu n'chakuti malowo ali m'manja mwa kampani ya mzinda, HafenCity Hamburg GmbH, ndipo ndi imene imauza omanga zoyenera kuchita. M'mphepete mwa madzi ndi mwa aliyense. Anthu atadandaula kuti zigawo zoyamba zinali za olemera okha, mzinda unalamula kuti m'zigawo zotsatira gawo limodzi mwa magawo atatu a nyumba likhale la lendi yothandizidwa ndi boma. Sikuti kumeneko zonse zili bwino. Elbtower, imene inayenera kukhala nyumba yaitali kwambiri mumzindawo, inaima mu 2023 itafika mamita pafupifupi 100, kampani ya Signa, mwini ntchitoyo, itagwa, ndipo chigoba chake chinasanduka choseketsa. Koma ngakhale pamenepo, munthu wopanda kobiri angathe kukhala pabenchi kutsogolo kwa Marco Polo Tower n'kumaonera sitima.

Ku Lagos munthu ameneyo wataya malo ake. Bar Beach linali gombe la anthu wamba. Mabanja ankapitako pa tchuthi, a mipingo ya zovala zoyera ankapempherako usiku, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma la asilikali linkaombererako mbava pamaso pa khamu la anthu. Mbiri yake ndi yosakanikirana, yokoma ndi yoopsa, koma inali ya mzinda wonse. Lero pamalopo pali zipata ndi alonda. Magombe ambiri otsala kumbali ya Lekki ndi olipira polowa. Owerenga amene anayesapo kufika pamadzi ku Mangochi kapena ku Salima n'kupeza mipanda ya malo ogona alendo itatsekereza njira akudziwa mmene zimamvekera, ndipo anaonanso mu 2024 nyanja ya Malawi itakwera n'kulowa m'malo ambiri omwewo.

Ndiyeno pali nkhani ya amene amaloledwa kukhala pamadzi. Mu July 2012 anthu a ku Makoko, mudzi wa asodzi womangidwa pa mitengo m'madzi a Lagos Lagoon, anapatsidwa maola 72 kuti achoke, ndipo nyumba zambiri zinagwetsedwa. Mu 2016 ndi 2017 anthu oposa 30,000 anathamangitsidwa ku Otodo Gbame, ena n'kuthawira m'mabwato nyumba zawo zikuyaka, ndipo khoti lalikulu la Lagos linagamula mu June 2017 kuti kuthamangitsako kunali kosemphana ndi malamulo a dziko. Midzi imeneyi sinagwetsedwe kuti pamangidwe Eko Atlantic, ndipo sindikunena zimenezo. Ndikunena kuti mumzinda umodzi, zaka zomwezo, msodzi wokhala pamadzi ankatchedwa woipitsa malo ndi woika moyo pachiswe, pamene bwana wokhala pamadzi ankatchedwa tsogolo la Africa. Kunena zoona, banja la ku Makoko la nyumba ya matabwa ndi bwato lopalasa limatulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri kuposa aliyense wa m'nyumba zosanja zija. Chimene likusowa ndi zimbudzi, madzi abwino ndi chikalata cha malo.

Mawu akuti chinthu n'chokhalitsa ayeneranso kutanthauza kuti sichigwa. Pa 24 June 2021 nyumba ya nsanjika 12 ya Champlain Towers South, pagombe la Surfside ku Florida, ku America, inagwa usiku n'kupha anthu 98. Inali itaima zaka 40, ndipo mu 2018 injiniya anali atachenjeza kale za konkire yowonongeka pansi pa bwalo la dziwe losambiramo, koma eni nyumba anachedwa kugwirizana za ndalama zokonzera. Pa 1 November chaka chomwecho nyumba ya nsanjika 21 imene inkamangidwa pa Gerrard Road ku Ikoyi, ku Lagos komweko, inagwa n'kupha anthu oposa 40. Inali nyumba ya mabwana, yotsatsidwa ndi zithunzi zokongola. Mchere sugona, umalowa pang'onopang'ono m'ming'alu, chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kuswa konkire kuchokera m'kati. Nyumba ya pagombe imafuna kuyenderedwa ndi kukonzedwa moyo wake wonse, ndipo khoma la m'nyanja limafuna zomwezo, pamene nyanja ikukwera chaka ndi chaka. Wogula nyumba pansanjika ya 20 ayenera kufunsa kuti mu 2070 adzalipira ndani, kampani yomanga itapita kale ndi phindu lake.

Ndikanakhala mu ofesi yovomereza mapulani ku Lagos, sindikanaletsa nyumba zosanja pagombe. Ndikanafuna kuti womanga aliyense ayeze gombe makilomita angapo mbali zonse ziwiri asanayambe, aziyezanso chaka chilichonse n'kuika zotsatira poyera, ndipo mchenga ukachepa kwa anansi aziubwezera ndi ndalama zake. Mzere wa kutsogolo kwa madzi ndikanausiya wotseguka kwa aliyense, popanda chipata. Ndipo wophika ndi mlonda ndikanafuna apeze nyumba ya lendi yotheka m'dera lomwelo, osati kachipinda kopanda windo kuseri kwa khitchini. Zimenezi zimachepetsa phindu, n'chifukwa chake womanga sangazichite mwa kufuna kwake, ndipo boma limene lapereka gombe lonse m'manja mwa kampani imodzi limakhala litataya ndodo yokakamizira.

Zimene zikuchitika zikulowera kwina. Mu 2024 boma la Tinubu linayamba msewu wa makilomita 700 wa m'mphepete mwa nyanja wochokera ku Lagos kupita ku Calabar. Ntchitoyo inapatsidwa kwa Hitech, kampani ya m'gulu la Chagoury lomwe lija, msewuwo ukuyambira pafupi ndi Eko Atlantic, ndipo mu April chaka chomwecho mathirakitala anagwetsa mbali ya Landmark Beach, limodzi mwa magombe amene anthu ankapitako. Mu March 2022 dziko la United States linayamba kumanga ofesi yake ya ukazembe mkati mwa Eko Atlantic, ya ndalama zokwana madola 537 miliyoni. Pokhala ndi mlendi wotere, khoma lija lidzakonzedwa nthawi iliyonse likang'aluka, ndalama zidzapezeka. Ku Okun Alfa kulibe kazembe.